Chiuno cha Galimoto ya a Delbert

A Delbert Pruitt a ku Detroit sankafuna kumva munthu akunena kuti magalimoto akale abwerera. Ukangotero, ankavula magalasi n'kukuyang'ana ngati wawaponda pachilonda.

Analowa ntchito mu 1966 ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, pa kampani ina yaikulu yopanga magalimoto mumzindamo. Sanali wojambula, sanalinso makaniko. Anali woumba. Masiku amenewo galimoto isanakhudze chitsulo inkayamba yaumbidwa ndi dongo, yonse yathunthu, ndipo amuna ovala majasi oyera ankaizungulira miyezi ingapo akuipala ndi timipeni tawo. Ojambula ankabweretsa mapepala, koma pepala silidziwa mmene kuwala kumatsetserekera pachitseko. Zimenezo ankazidziwa ndi manja.

Mu 1968 anawapatsa mbali ya kumbuyo ya galimoto ina yatsopano, ija ya boneti lalitali ndi mchira waufupi, ya injini yoti ikalira mawindo a nyumba ankanjenjemera. Pamwamba pa tayala lakumbuyo pankafunika chotupa ngati chiuno cha nyama yomwe ikufuna kudumpha. Chiuno chimenecho a Delbert anachipala miyezi inayi. Galimotoyo itatuluka mu 1970, anyamata ankaima pamawindo a sitolo kukamwa kuli yasa. Iwo eni sanaigule. Akazi awo, a Loretta, anali oyembekezera, ndipo mpando wakumbuyo wa galimoto ija sukanakwana ngakhale dengu la matewera. Kenaka petulo anasowa, dziko linatembenuka, ndipo kwa zaka makumi atatu a Delbert anaumba timagalimoto tomwe iwo ankatitcha mabokosi a sopo. Anapuma ntchito mu 2001.

Patatha zaka zisanu foni inalira. Kampani inkafuna kuukitsa galimoto ija, ndipo inkafuna nzeru za akuluakulu amene anaiumba. A Delbert anasita malaya okha, chinthu chomwe a Loretta anali asanachionepo. Anatulutsa timipeni tawo m'nsalu imene anatikulungamo, n'kutinola tonse.

Amene anawalandira anali wojambula wachinyamata, Trevor Lindqvist, wa ndevu zosamalidwa bwino ndi kapu ya khofi yosachoka m'manja.

"Bambo Pruitt, ndi mwayi waukulu! Inu ndinu mbiri yoyenda ndi miyendo."

"Miyendo yake yatha," anatero a Delbert. "Galimoto ili kuti?"

Inali pakati pa chipinda, yadongo ndithu, koma dongolo linali litasemedwa ndi makina otsatira kompyuta. A Delbert anaizungulira kamodzi. Nkhope inali yomwe ija, nyali zozungulira, kukamwa kotakata. Koma thupi! Inali itanenepa, itatalika, mawindo atachepa ngati maso a munthu wotupa. Trevor anafotokoza kuti malamulo a chitetezo salola boneti lotsika, kuti zitseko ziyenera kukhala zokhuthala, kuti ogula a masiku ano amafuna poika makapu anayi.

"Makapu anayi? Akuyendetsa galimoto kapena atsegula tiyirumu?"

Pa boneti panali mphuno ziwiri zolowera mpweya, monga kale. A Delbert anapisamo chala. Chalacho chinagunda khoma.

"Iyi ipumira kuti?"

"Aa, zimenezo n'zokongoletsa chabe, bambo. Tidzaikamo pulasitiki wakuda. Mpweya ukulowera pansi."

"Ndiye mwaipatsa mphuno zoti isapumire."

"Anthu amazikonda."

A Delbert anachotsa chala m'mphunomo. Atafika kumbuyo anayendetsa chikhatho pa chiuno chija, maso atatseka, ndipo anadziwa nthawi yomweyo. Mzere unali utakwera ndi zala ziwiri. Anamuuza Trevor. Trevor anamwetulira, nati kompyuta inatengera ndendende pa galimoto yakale kenaka n'kuikulitsa. A Delbert asanayankhe, kunabwera mayi wina ndi jasi loyera, anawaveka, n'kuwapempha agwire kampeni pafupi ndi dongo koma asalikhudze. Anawajambula zithunzi makumi angapo. Apa m'pamene a Delbert anazindikira kuti sanawaitanire nzeru. Anawaitanira imvi.

Masana onse atapita kukadya, iwo anati alibe njala. Anatsala okha ndi galimoto. Anavula wotchi, anapinda malaya, ndipo kwa mphindi makumi anayi anali ndi zaka makumi awiri. Dongo linkagwa pansi ngati makoko a mbatata. Pamene Trevor ankabwerera, mbali ya kumanzere inali itatsika ndi zala ziwiri, kuwala kukuyenda pamenepo ngati madzi.

"Mayo ine! Bambo Pruitt, mwatani? Mawa akubwera mabwana kudzaiona!"

"Ndiye aone. Imani apa. Tayang'anani uku, kenaka muyang'ane uko. Maso muli nawo, si choncho?"

Trevor anayang'ana nthawi yaitali kuposa mmene ankafunira. Komabe anawaperekeza pakhomo mwaulemu wonse, n'kuwapatsa chipewa cholembedwa dzina la galimotoyo. Sanawaitanenso.

Galimoto inatuluka patatha zaka ziwiri. A Delbert anapita kukaiona kogulitsira, anayendetsa chikhatho, n'kubwerera kunyumba akutukwana chamumtima. Mzere uja anautsitsa ndithu, koma ndi chala chimodzi.

"Ndiye kuti anakumverani," anatero a Loretta akusenda anyezi.

"Anandimvera theka! Kuli bwino akanangousiya. Munthu ungamete mbali imodzi ya mutu n'kunena kuti wameta?"

"Delbert, palibe munthu m'dziko muno amene akuona chala chimenecho."

"Ndikuchiona ine."

Ndipo ankachiona paliponse, chifukwa galimotoyo inagulidwa ngati mankhwala. Makampani enanso anafukula zawo zakale. Msewu wonse unadzaza mizere yakuda pa maboneti, mitundu ya lalanje ndi yobiriwira ngati ndimu, madala a imvi akuliza injini pamaloboti. Anansi ankawakuwira ali pakhonde: "A Pruitt, mwana wanu uja wabwerera!" Iwo ankayankha kuti uyo si mwana wawo, ndi mdzukulu wonenepa amene wavala jekete la agogo ake. Atamva kuti zina mwa galimoto zoterezi zimawonjezera kulira kwa injini kudzera m'masipika a wailesi, anakhala tsiku lonse osalankhula ndi munthu.

Nkhonya yeniyeni inachokera m'nyumba mwawo momwe. A Loretta anali atayendetsa basi ya ana asukulu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu, ndipo atapuma anati atopa kuyendetsa zinthu zochedwa. Loweruka lina anachoka ndi mwana wawo Rhonda, akuti kukagula makatani. Anabwerera ndi galimoto yatsopano ija, yalalanje, ikubangula mpaka agalu a mumsewu wonse anayamba kuuwa.

A Delbert anatuluka ndi nyuzipepala m'manja.

"Loretta, ichi n'chiyani?"

"Makatani anatha."

"Adadi, musayambe," anatero Rhonda akuseka. "Mipando yake imatenthetsa msana. Amami aikonda."

"Mwa magalimoto onse a m'dziko la Mulungu, mwasankha yomweyi? Muziimika pakhomo panga, ine ndizidzuka m'mawa uliwonse n'kumaona chiuno chopotokachi?"

"Khomo ndi lathu tonse," anatero a Loretta. "Mu 1970 ndinkaifuna ine, inu munati dengu la matewera silikwana. Matewera anatha kalekale. Uyu mwini matewerayo ndi amene wandiperekeza."

Chaka chathunthu a Delbert sanakweremo. Kutchalitchi ankapita pa kalole kawo kakale, akazi awo patsogolo pa yalalanje, anthu n'kumafunsana ngati banja lili bwino.

Mwezi wa Ogasiti, pamene eni magalimoto akale amadzaza msewu wa Woodward kuyenda pang'onopang'ono anthu akuonerera, mnzawo wa a Delbert wa kufakitale, a Cleotis Banks, anabwera ndi nkhani. Mphwawo wa a Cleotis anali atawabwereka galimoto yeniyeni ya 1970, yosasinthidwa kalikonse.

"Tiye bwanawe, ukayendetse chiuno chako. Zaka zonsezi ukungotisokosa nacho."

A Delbert anavala malaya abwino. Ataiona anapita molunjika kumbuyo kwake. Chiuno chinali pamalo pake, ndipo anachisisita mpaka a Cleotis anati anthu ayamba kuyang'ana. Kenaka analowa.

Mpando unali wotentha ngati chiwaya. Chiwongolero chinkafuna mikono ya mnyamata, ndipo pedulo ya kilatchi inkalimbana ndi bondo lawo lodwala nthawi iliyonse akasintha giya. Mkati munkanunkha petulo. Mawindo anali otsegula koma mphepo imene inkalowa inali ya utsi wa magalimoto a patsogolo. Akaponda mabuleki, galimoto inkakokera kumanja ngati yaona m'bale wake m'mbali mwa msewu.

"Kodi inkatere kale?" anafunsa a Delbert, thukuta lili kamukamu.

"Inkatere kumene. Kungoti ifeyo sitinkatere."

Atayenda mamailosi atatu mumdipiti muja, nthunzi inayamba kufuka pa boneti. Injini inali itawira. Madala awiriwo anaikankhira pambali, anthu akuwaombera m'manja ngati ndi mbali ya chionetsero. A Cleotis anati adikira galimoto yodzaikoka. A Delbert anakhala pansi m'mphepete mwa msewu, bondo likugunda, msana utauma. Anapirira theka la ola. Kenaka anabwereka foni n'kuimbira akazi awo.

A Loretta anafika pa yalalanje ija akudya soseji ya m'banzi, anatsitsa windo pang'ono.

"Pepani bambo, mwaonako amuna anga? Anachoka pa galimoto yeniyeni."

"Loretta, si nthawi yake ino."

"Lowani msanga, mphepo yozizira ikutuluka."

Analowa. Mpando unawalandira ngati matiresi. A Loretta anadina kabatani osawafunsa, ndipo kutentha kunayamba kukwera mumsana mwawo pang'onopang'ono. A Delbert anafuna kunena kanthu za mawindo ang'onoang'ono, koma mawu anathera m'kuusa moyo. Anangotulutsa mutu n'kuitana mnzawo.

"Cleotis! Zimenezi zisamveke kometera tsitsi."

"Ine? Pakamwa panga ndi pamanda, bwanawe."

Lachiwiri lotsatira a Delbert atalowa kometera tsitsi, amuna asanu ndi mmodzi anaimirira pamodzi, ndipo wometa anawafunsa mwaulemu ngati angakonde kuti awatenthetsere mpando. A Delbert anatembenuka n'kutuluka. Tsitsi limenelo anawameta ndi Rhonda, pakhonde, mpaka Khirisimasi.