Mizere Isanu ndi Iwiri pa Chitseko

Inu amene mukuona ngati dziko lakulandani zonse, tamverani za kalipentala uyu.

Mwana wake wamkazi atamwalira ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, bamboyu anangoti khuma m'nyumba miyezi inayi, sowo osaigwira, ndevu osameta. Makasitomala anathawa. Chimene chinkamusunga chinali chitseko cha kuchipinda. M'mbali mwake munali mizere isanu ndi iwiri imene ankadula ndi mpeni chaka chilichonse poyeza msinkhu wa mwanayo.

Tsiku lina atabwerako kuchipatala, anapeza pakhomo pa chipindacho papachikidwa nsalu. Akulu ake anali atagulitsa chitseko.

"Chimangokuliza, ndakuthandiza," anatero akuluwo, maso ali gwa. Abale enatu, Mulungu yekha awaone.

Kalipentala anafunsa kwa ogula zakale, kwa oyendetsa malole, mpaka anamva kuti chili ndi mkulu wina wa zaluso, a Chipewa, amene ankati savula chipewa ngakhale posamba. Mkuluyu ankamanga chinyumba cha zitseko zakale zokhazokha kuchipululu, kumene anthu a zaluso amasonkhana sabata yathunthu. Tsiku lomaliza chinyumbacho chinali choti chitenthedwe anthu akuonerera.

Kalipentala analembedwa ganyu yokhoma misomali pachinyumbacho. Kumeneko fumbi limalowa mpaka m'mano, milomo kung'aluka, nyundo kuotcha m'manja. Tsiku lachitatu anachipeza chitseko chake, chitakhomedwa kale pakati pa zinzake.

"Bwana, ichi n'cha malemu mwana wanga. Ndikupangirani chatsopano, kaya ziwiri."

"Chatsopano ndichite nacho chiyani?" anayankha a Chipewa. "Ine ndimafuna cha misozi chomwecho."

M'mawa mwake pambali pa chitsekocho panali chikwangwani chofotokoza nkhani yonse ya mwanayo. Pansi pake panali dzina la a Chipewa. Chisoni cha mwini, wotchuka nacho n'kukhala wina. Zinamuwawa kuposa tsiku la maliro.

Sanachoke. Ntchito ikatha ankaima pomwepo ngati mlonda, anthu akujambula zithunzi. Ndiye panafika mayi wina wachikulire, woyendera ndodo. Iye sanajambule. Anasisita mizere ija ndi chala, kenako n'kuika dzanja paphewa pake.

"Wanga ankandifika apa. Tinasamuka nyumba, ndilibe pomwe ndinamuyezera."

Kalipentala anatola thabwa lotsala, n'kuliimika pambali pa mayiwo, n'kudula mzere pamene panali dzanja lawo. Mayiwo analikumbatira thabwalo ngati khanda.

Kutacha kalipentala anapeza anthu ali pamzere. Wina ankaloza m'chiuno, wina pachifuwa, bambo wina wamtali anangoloza pabondo. Aliyense ankatchula dzina la wake ndi chimene ankakonda, kalipentala akudula. Mpeni unabuntha, anaunola pamwala n'kupitiriza.

Tsiku lomaliza anthu onsewa anapita kukapempha kuti chitseko chimodzi chokhacho chizulidwe. A Chipewa anakana kwamtuwagalu. Musayembekezere kuti mtima wawo unafewa, sunafewe ngakhale pang'ono.

Pamenepo mayi achikulire aja anamasula chingwe cha tenti yawo. Anachitambasula pachitseko kuyambira pansi, n'kumanga mfundo pa mzere uliwonse, zisanu ndi ziwiri.

"Mwana wanga, matabwa apse. Msinkhu wake ndi uwu."

Moto unayaka dzuwa likupendeka. Anthu ankaomba m'manja ndi kuimba malikhweru. Kalipentala anayang'ana chitseko chake mpaka chinagwa, chingwe atachifumbata.

Lero ali ndi malo akeake opalira matabwa, ndi antchito anayi. Makasitomala oyamba anali anthu a pamzere aja, ndipo iwo anauza anzawo. Chitseko chilichonse chimene amapanga amasiya mbali imodzi yosapaka penti, n'kuuza wogula kuti, "Apa muziyezera ana. Musamadikire."

Akulu ake anabwerapo kudzapempha ntchito. Anawapatsa mpando ndi madzi akumwa, ntchito ayi. A Chipewa mpaka pano amafotokoza nkhani ija ngati yawo. Chingwe chili pakhoma pafupi ndi sowo, ndipo mfundo yomaliza imamufika kalipentala pachifuwa.

Nanunso mwina chanu anakulandani, ndipo sichidzabwerera. Lirani, kuwawa kwake n'koona. Koma mtima wokhawo musawapatse. Tolani thabwa lotsala, nolani mpeni, pali wina akudikira pamzere.