Amalume akukana kuchotsa chotupa chofatsa

Moni nonse.

Ndangotuluka m'chipatala ndi amalume a ku Wimbe. Zotsatira za m'mimba zija zabwera, si khansa. Adokotala ati ndi chotupa chosowa kwambiri chomwe chamera pamtsempha kuseri kwa matumbo, chachikulu ngati ndimu. Powalimbitsa mtima anati, "Bambo, chotupa chanuchi n'chofatsa, sichifalikira. Tingochichotsa Lachinayi chisanayambe kupanikiza impso."

Mawu akuti chofatsawo ndi amene atipweteka. Amalume akukana opareshoni. Akuti, "Chalakwa chiyani? Zaka zonsezi sichinandibere fodya m'chigafa, sichinandiyankhe mwano. Mwa onse amene ndimadyetsa, wofatsa ndi ameneyu yekha."

Ananena izi ine ndili pompo, ine amene ndasiya munda wanga kuwaperekeza kanayi konse.

Panopa tili pa depoti, akundifunsa ngati angachilembetse pa makuponi a feteleza, poti nachonso chimadya pakhomo pawo.

Amayi, alongo anuwa amamvera inu nokha, aimbireni lero. Apo ayi ndibwerere kwa adokotala akachinenere zoipa pang'ono, akawauze kuti chayamba mwano. Enanu mukuti bwanji?