Amake Edina

Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri chaka cha njala yaikulu ija ya 1949, pamene mayi anga ananditenga kwathu ku Likoswe kukandisiya kwa akulu awo cha ku Mbombwe. Kwathu tinalipo ana asanu, ndipo tinali titayamba kale kudya zitsa za nthochi. Kwa amayi aakuluwo kunali anthu awiri okha, iwo ndi amuna awo, ndiponso kadimba ka chinangwa kumtsinje. Anali atakhala pabanja zaka zambiri osaona mwana. Pangano linali lakuti ndikhale kumeneko mpaka chimanga chitacha.

Kumudziko ankawaitanabe ndi dzina la utsikana, Dorika, chonsecho imvi zinali zitayamba. Anzawo onse anali amake uje, amake uje. Sankawanyoza poyera ayi. Kungoti amayi akayamba kukamba za kuchikuta, kumene amachilira, wina ankakumbukira msanga kuti nkhuni zatha, ndipo wotumidwa ankakhala Dorika.

Ndinafika ndili mutu ndi mimba basi, zala zakumapazi zodzaza matekenya. Anandikhazika pakhonde nkuwachotsa limodzilimodzi ndi singano, kenaka kundipaka mafuta a nsatsi, amene fungo lake ndimalimvabe ndikatsinzina. Lamulungu lotsatira anandibereka kumbuyo popita kutchalitchi, chimwana chonse ine, miyendo ikulendewera mpaka m'maondo mwawo. Ankauza aliyense m'njira kuti mapazi anga sanapole. Anali atapola kalekale. Titafika, mayi wina wapakamwa, a Nachisale, anaomba m'manja nkunena kuti afika amake Edina ndi khanda lawo. Anthu anaseka, ine Edina ndinachita manyazi, koma dzinalo linakhala.

Kuyambira pamenepo anali amake Edina kuchitsime, kumsika ndi kumapemphero. Munthu akawaitana chotero ankayankha asanamalize nkomwe. Amayi akamakamba za chikuku kapena chifuwa cha ana, nawonso ankaponyapo mawu, ati wanga uja satsokomola usiku. Dzino langa litagwedera anandimangira ulusi okha, ndipo litachoka anandinyamula kuti ndiliponye padenga. Kenaka anayenda mudzi wonse kuonetsa anthu mpata wa m'kamwa mwanga, ngati kuti m'dziko muno mwana anali asanagwetsepo dzino.

Mvula inagwa bwino dzinja lotsatiralo, chimanga chinacha, ndipo mayi anga anabwera kudzanditenga. Anafika masana, nkhuku yoyera ili m'khwapa, yothokozera. Ndinawathamangira, pakuti ndinali nditawasowa. Amayi aakulu analandira nkhukuyo ndi manja awiri, nkuimasula miyendo, nkufunsa za kumudzi mmodzimmodzi mpaka mbuzi. M'mawa mwake anandisambitsa, kundipaka mafuta, kundimangira zovala zanga m'kansalu. Sanapemphe kuti ndikhaleko ngakhale mwezi umodzi. Akanapempha pa chifukwa chanji? Mwana anali wa eni.

Tili pabwalo, okonzeka kunyamuka, a Nachisale anatulukira kunjira ndi mtsuko pamutu, nkuitana monga mwa masiku onse:

"Amake Edina!"

Onse awiri anatembenuka. Onse awiri anati, "Wawa."

Mayi anga anaseka, kuseka kopanda chifukwa choipa. A Nachisale nawo anaseka, nkunena kuti pepani, anaiwala kuti eniake abwera. Kenaka anafunsa chimene anabwerera:

"A Dorika, tandibwerekeni sefa."

Amayi aakulu analowa m'nyumba, nkutuluka ndi sefa, nkuipereka. Nkhope yawo sinasinthe. Anatiperekeza mpaka pamtsinje, akukamba ndi mng'ono wawo za nandolo ndi mtengo wa mchere. Pamadziwo anaima, nkundigwira pamutu, nkunena kuti ndizikamvera. Titaoloka ndinacheuka. Sanali kulira, sanalinso kubaibitsa. Anangoima, manja ali pansi, ngati munthu amene waiwala chimene watulukira panja.

Ine ndinayenda ulendo wonsewo ndikudumphadumpha, ndipo kumudzi anandilandira ndi nthungululu, ati ndanenepa. Nkhani yomwe inkakambidwa inali yakuti Dorika anachita mwayi, anapeza womutuma chaka chathunthu. Patapita zaka, mayi anga anafuna kuwatumizira mng'ono wanga kuti akawathandize ntchito. Amayi aakulu anakana mwaulemu, ati ntchito yake iti, nyumba ya anthu awiri.

Ndinadzamvetsa ndili mayi. Ndabereka ana asanu ndi awiri, ndipo awiri ndinaika m'manda. Maulendo onse awiri bwalo linadzaza. Anthu anabwera ndi ufa ndi nkhuni, anagona pasiwa, anaimba, anandigwira mapewa ndikulira, ndipo panalibe wondiuza kuti ndatalikitsa. Chisoni changa chinali ndi dzina, chinali ndi manda oti ndikasesepo. Amayi aakulu anabwera pamaliro onse awiri, wapansi kuchokera ku Mbombwe, atakalamba. Ankakhala kuseri ndi ophika, kutunga madzi, kutsuka mbale.

Pamaliro achiwiri ndinawayang'ana akupala mphika ndi mchenga, ndipo m'pamene ndinazindikira. Iwo anataya ana onse amene sanabadwe, mwezi ndi mwezi, mpaka msinkhu unawadutsa. Anatayanso mmodzi amene anam'chotsa matekenya. Pa onsewo panalibe munthu anayala mphasa kudzakhala nawo. Madzulo ake, anthu akubalalika, anabwera kudzagwada pafupi nane, nkunditi, "Pepa, mwanangu." Ndinafunafuna mawu oti ndiwabwezere, koma kwathu kuno mawu opepesera maliro otere kulibe.