Amayi Anga M'filimu ya Eni

Nkhaniyo ndinalemba ndine, m'makope awiri a ana asukulu, nditangopuma uphunzitsi ku Lirangwe. Inali ya malemu amayi anga. Bambo atamwalira, abale awo anabwera kudzalanda makina osokera. Amayi sanalire, sanatukwane. Anangokhala pamakinapo pakhonde n'kumasoka yunifolomu tsiku lonse, mpaka olandawo anachita manyazi n'kubwerera chimanjamanja.

Mkulu wina wa ku Blantyre, wodzitcha dairekitala, anamva za makopewo kutchalitchi n'kudzawapempha. Anali wamagalasi akuda, osavula ngakhale m'nyumba. Ine kupusa, ndinapereka ndi manja awiri.

Tsiku lojambula anandiitanira ku Chileka. Ndinapeza kope langa limodzi alipinda n'kuchirikizira mwendo wa kamera. Mayi wosewera ngati amayi anga anali atamupaka makala kumaso, m'chiuno muli nsupa.

"Achimwene, nsupazi zachokera kuti?" ndinafunsa. "Amayi anga anali a chigwirizano."

"Madala, inu ntchito yanu inathera papepala," anatero osandiyang'ana. "Munthu kumangosoka tsiku lonse, aonere ndani? Anthu amafuna ufiti ndi ndewu."

Tinakhala padzuwa mpaka masana kudikira ndege kuti idutse, akuti filimu izioneka yodula. Itatulukira, iye anali kuseri kwa nyumba akukangana ndi mkazi wake pafoni. Pobwera anakalipira wogwira kamera, ngati ndegeyo anaithamangitsa ndi iyeyo.

Filimu itatuluka ndinakaonera m'vidiyo sho ya pamsika wa Lirangwe pamodzi ndi amayi aang'ono, amene tsiku la makinalo analipo. Tinaona amayi anga akutema alamu awo ndi chikwanje, kenako akuuluka pa lichero. Makina osokera sanaoneke n'komwe. Dzina la dairekitala linadzaza sikirini katatu konse. Langa linadutsa mothamanga kumapeto, pansi pa amene anaphika tiyi.

Amayi aang'ono anandikoka malaya. "Kodi mfiti imeneyi akuti ndi ndani?"

Ndinawanamiza kuti filimu yathu sinatuluke, iyi ndi ina. Anagwedeza mutu n'kunena kuti anthu a m'tauni alibe zochita. Tinatuluka, ndinawagulira tomato ndi bonya, n'kuwakweza kabaza wa ku Mdeka.

Patatha miyezi mkulu uja anandiimbira foni, akuti anthu akufuna gawo lachiwiri. Ndinamuuza kuti akagule kope alembe yekha za amayi ake.