Luni wa kumpanda

Nditalekeza sukulu kumudzi, mayi ananditumiza kwa azakhali ku Rugare, mumzinda wa Harare. Anandiuza zinthu ziwiri: osabweza mawu kwa akulu, ndiponso osakhala manja lende. Ana a azakhali ankalankhula Chishona chokhachokha. Akaseka nanenso ndinkamwetulira, osadziwa ngati akuseka ine. Sitima ikamadutsa ndinkaiyang'ana mpaka itazimiririka, chifukwa ndinalibe woti ndicheze naye.

Ntchito yanga inali ya kadimba ka kuseri kwa nyumba, mizere ya repu ndi ndiwo zina zamasamba zotchedwa kovo. Pampopi madzi ankatuluka mwa apo ndi apo, ndiye ndinkakatunga kumjigo. Kovoyo ankamwa ngati ng'ombe, ndipo nsabwe zikamugwira ankafunanso mankhwala.

Mvula itagwa, m'mbali mwa mpanda munamera luni, bonongwe ndi chisoso. Palibe anafesa. Kwathu popalira sitizula ndiwo, khasu limazilambalala. Nanenso ndinatero, mpaka kuziunjikira dothi. Sizinafune feteleza kapena mankhwala. Mvula itadula, kovo anafota, koma luni anangoima, njuchi zili piringupiringu pa maluwa ake oyera. Ndikatikita tsamba lake m'manja ndinkamva fungo la kumunda kwa mayi. Ndinkachedwa pamenepo kuposa mmene ntchito inkafunira.

Tsiku lina mwana wamkulu wa azakhali anandipeza pomwepo. Anafuula m'Chishona choti ngakhale ine ndinamva, kuti mlimi wa ku Malawi akuweta tchire. Bambo ake anatuluka kudzaona.

"Iwe, muno ndi m'tauni," anatero. "Thengo limeneli litiitanira njoka. Loweruka ndisalione."

"Chabwino, bambo."

Sindinafune kuwakhumudwitsa. Ankandidyetsa ndi iwo. Koma pa nyumba yonseyo, zomera zimenezo ndi zokhazo zimene ndinkazidziwa kuyambira kwathu.

Mawa lake ndili chogwada pa luni uja, ndinamva mawu kuseri kwa mpanda.

"Luni ameneyu mwini wake ndani?"

Chinali Chichewa chenicheni. Anali mkulu wa nyumba yoyandikana nafe, amene anapuma ntchito ya njanji kalekale. Anthu ankangowatchula kuti sekuru, kutanthauza agogo m'Chishona, ndipo ine ndinkayesa ndi Mshona.

"Wamera yekha, agogo."

"Kumera wamera yekha, koma wapaliridwa ndi munthu. Kwanu n'kuti, mwanawe?"

Ndinawauza dzina la mudzi wathu ku Malawi.

"Mayi a kunyumba kuno ankamuphika wotendera, n'kuikako bonongwe kuti asawawe kwambiri," anatero. "Chimwalirireni iwo, ine ndi kovo, kovo, kovo. Ndatsala pang'ono kulira ngati mbuzi."

Ndinaseka. Chifikireni ku Harare ndinali ndisanasekepo zochokera pansi pa mtima. Kenako ndinawafotokozera za Loweruka.

"Akuti uzule, uzule ndithu. Koma kodi anena kokataya?"

Loweruka ndinazula zonse, n'kusalaza bwinobwino. Amuna awo a azakhali anayendera mpanda wonse, nati ndine mwana womvera. Ndinanyamula zozulazo m'chidebe n'kulowa nazo pa geti la agogo aja. Bwalo lawo linali lopanda kanthu, dothi louma basi.

Bonongwe anagwira. Luni yense anafota, ndipo ndinamva chisoni ngati ndamupha dala. Koma pa mapesi ena panali makoko ouma. Agogo anawafikisa m'manja n'kumwaza njere, ndipo mvula yotsatira itagwa luni anamera pabwalo ponse. Chisoso chokha sitinavutike nacho, chinabwera chitakakamira pa zovala zanga.

Kwa azakhali ndikadali munthu wa "inde" ndi "chabwino". Chishona ndimamva pang'ono, koma kuyankha ndimachita manyazi. Ndikamaliza ntchito masana ndimapempha kuti ndikathirire ndiwo za agogo, ndipo azakhali amandilola. Ndiwozo sizifuna kuthiriridwa. Ine ndimadziwa, agogo nawonso amadziwa. Komabe ndikangogogoda pa geti ndi chitini changa cha madzi, ndimapeza atatulutsa kale mipando iwiri.