Ndinali Gadiyani wa Kahatchi

Chizindikiro choyamba ndinachiona Lachiwiri m'mawa, kumayambiriro kwa Novembala. Tofi ankabwera kugeti monga mwa masiku onse, koma mwendo wakutsogolo wakumanzere ankaupondera mwamantha, mutu n'kumagwedera akaponda. Ndinaona bwinobwino, koma ndinakhala chete.

Tofi ndi kahatchi ka mtundu umene sukula. Msana wake umandilekeza m'chiuno. Amakhala pafamu yaing'ono ya a Brenda, kunja kwa Sheffield, njira yopita ku Rotherham. Ntchito yake ndi kuyendera nyumba zosamalirako okalamba, kuti anthu amene anaiwala kale mayina a ana awo amusisite n'kumwetulira. Ine ndinkathandiza pafamupo mongodzipereka, poti mapepala anga ondilola kukhala m'dziko muno anali asanatuluke ndipo sindinkaloledwa kulembedwa ntchito. Kukhala m'chipinda kudikira kalata kunkanditopetsa kuposa kukolopa khola.

Chimene chinanditseka pakamwa ndi ichi. Dzulo lake ndinali nditalowetsa Tofi mumpanda umodzi ndi hatchi yaikulu, pamene a Brenda anali atandichenjeza kuti ndisamawasakanize. Kunali mvula ndipo ndinkathamangira basi. Nditaona kutsimphinako ndinadziwa kuti yaikuluyo inamumenya theche. A Brenda anali ku Leeds kwa mchemwali wawo, nambala yawo ndinali nayo. Koma munthu wodikira mapepala amaopa kuti dzina lake limveke paliponse pamene pachitika cholakwika. Ndinadziuza kuti wangobinya, pofika mawa akhala bwino.

Lachinayi m'mawa a Brenda atabwerako anamupeza Tofi ataima ndi miyendo itatu, thukuta lili thupi lonse m'chisanu chija, mwendo utatupa kuyambira pabondo kutsika. Dokotala wa ziweto anabwera ndi makina ojambulira mafupa. Anatisonyeza chithunzi n'kunena kuti fupa linayamba ndi kung'aluka pang'ono, kenako linathyoka chifukwa choliyendera. Anati ikanakhala hatchi yaikulu akanaibaya jakisoni woigoneka pomwepo, koma Tofi ndi wopepuka, mwayi ulipo ngakhale si waukulu. Atafunsa ngati panali amene anamuona akutsimphina masiku apitawo, ine ndinayang'ana nsapato zanga.

Opaleshoni inachitika mawa lake kuchipatala cha ziweto. Anamuika kachitsulo kogwira fupa. Ine ndi a Brenda tinakhala m'chipinda chodikirira maola anayi, pamipando ya pulasitiki, pakati pa anthu onyamula amphaka m'madengu. Namwino anatiuza kuti choopsa kwambiri ndi nthawi yotsitsimuka, chifukwa hatchi ikangodzuka imafuna kuimirira ndipo ikhoza kuthyolanso pomwe akonzapo. A Brenda anandigwira dzanja n'kundithokoza kuti ndawaperekeza. Sindinachitepo manyazi ngati tsiku limenelo.

Tofi anatuluka patatha masiku khumi, mwendo uli m'chikhakha. Malamulo anatilembera papepala: masabata khumi ndi awiri m'khola osatuluka, mankhwala opha ululu m'mawa ndi madzulo, kununkhiza chikhakha ngati m'kati mwayamba kuwola, kugwira ziboda zonse tsiku lililonse ngati zatentha. Chakudya chinali udzu wouma basi, woviika m'madzi, woyeza pasikelo.

Ndinayamba kupita tsiku lililonse. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu atamva anaseka mpaka misozi. "Sisi, serious? Mwabwera ku UK kudzakhala gadiyani wa hatchi?" Sananame. Ugadiyani ndimaudziwa. Amayi anga atagonekedwa kwathu ndinagona pansi pambali pa bedi lawo miyezi iwiri, ndikuphika kumalo a magadiyani kuseri kwa chipatala. Kumeneko tonse tinkadziwa chinthu chimodzi: wodwala akayamba kudya, wayamba kuchira. Ndipo wodwala supita kukamuona chimanjamanja.

Tofi sankadya bwino. Ankangotola udzu pang'ono n'kutembenukira kukhoma. Ndikaona kamtolo kamene kankachoka pasikelo paja, mtima unkandiwawa. Ndinkaona ngati anthu awa akumumana mwana wodwala chifukwa cha pepala. Choncho ndinayamba kuphika phala la oats kunyumba, lothira shuga ngati lomwe ndinkaphikira amayi, n'kumabwera nalo m'fulasiki pamodzi ndi maapulo awiri. Ndinkamupatsa a Brenda akalowa m'nyumba. Ankadya mpaka kunyambita mbale, ndipo akamva mapazi anga ankalira mosangalala. Ndinachita zimenezi masiku khumi ndi awiri, ndikudziuza kuti ndikukonza zimene ndinawononga.

Lachisanu lina mu Disembala ndinagwira ziboda monga mwa lamulo. Chakutsogolo chakumanja, cha mwendo wabwino umene unkasenza thupi lonse, chinali chotentha ngati kapu ya tiyi. Mtsempha wa pamwamba pake unkagunda mwamphamvu. Tofi anali ataima modendekera kumbuyo, ngati wofuna kukhala pansi. Mawu aja a mu Novembala anabweranso m'mutu mwanga, akuti dikira uone mawa. Ndinaima pamenepo mwina mphindi imodzi.

Ndinalowa m'khitchini mwa a Brenda ndi matope kunsapato. Ndinawauza za chiboda, ndinawauza za phala, ndipo poti pakamwa panali patatseguka ndinawauzanso za mpanda uja ndi za Lachiwiri lija. Anangotenga foni.

Dokotala anafika pasanathe ola. Anafotokoza kuti shuga ndi chakudya chonona zimatupitsa mnofu wa m'kati mwa chiboda, makamaka pa tihatchi tating'ono tomwe sitikuyenda, ndipo kutupako kukapitirira fupa limasuntha n'kuboola pansi pa chiboda. Sanandikalipire. Anangoti, "Mwendo wothyoka tingaudikire. Koma uwu ukalephera, alibenso poimira." Atamaliza kumuyeza anawonjezera kuti, "Mukanandiitana Lolemba, bwenzi tikukamba zina."

Masiku atatu otsatira chiboda chija chinakhala m'madzi oundana. Tinathira utuchi wambiri pansi kuti aziponda pofewa, ndipo mankhwala anawasintha. Ine ndinkasintha madziwo masana onse, zala zitachita dzanzi, osadziwa ngati ndikusamalira wochira kapena ndikungochedwetsa jakisoni uja. A Brenda ankandilankhula zantchito zokha. M'mawa uliwonse ndinkayembekeza kuti andiuza kuti ndisabwerenso, ndipo ndikanavomera popanda dandaulo.

Tsiku lachinayi chiboda chinazizira. Dokotala anajambula n'kutiuza kuti fupa silinasunthe. Atachoka, a Brenda anatenga sikelo ija n'kundipatsa m'manja. Anati, "Kuyambira lero woyeza udzu ndinu. Ndipo mukaona chilichonse, ngakhale chooneka chopusa, muziimba." Za mpanda sanazitchulenso mpaka lero. Ndinalira ndili chiimire, Tofi akukoka zipi ya jekete yanga.

Chikhakha anachichotsa mu Febuluwale. Mwendo unatuluka wowonda, ubweya utathothoka. Tinayamba kumuyendetsa mphindi zisanu patsiku pasimenti ya kutsogolo kwa khola, kenako khumi, kenako mpaka kumpanda n'kubwerera. Mu Meyi anapitanso koyamba kunyumba ya okalamba ku Rotherham. Bambo wina wa panjinga ya olumala, amene anamwino amati salankhula ndi munthu, anamugwira khosi n'kumufunsa kumene anali masiku onsewa.

Lero Tofi akuyenda ndi miyendo yonse inayi. Kukazizira kwambiri amatsimphina pang'ono, ndipo dokotala akuti zimenezi sizidzatha. Ndikamuona akutero ndimadziwa kuti ndi masiku awiri aja amene ndinakhala chete. Mapepala anga sanatulukebe, koma kalata imeneyo sindiyiopanso monga ndinkayiopera.

Kwa inu amene mukusamalira wodwala, kaya ndi chiweto kaya ndi munthu, ndikukupemphani zinthu ziwiri. Mukaona chachilendo nenani tsiku lomwelo, ngakhale wolakwa akhale inuyo. Manyazi anga akanatha pa tsiku limodzi, koma Tofi anavutika nawo miyezi isanu ndi umodzi. Ndipo zimene achipatala aletsa musazichite mobisa chifukwa cha chifundo, funsani kaye.

M'mawa uliwonse ndikafika, ndimagwada n'kugwira ziboda zinayi, chimodzichimodzi. Tofi amalowetsabe mphuno m'chikwama changa kufunafuna fulasiki ija. Sapezamo kanthu, amandiyang'ana mokhumudwa, ndipo ine ndimapita kukayeza udzu wake.