Galu Wanga Sanadye Mavu

Chaka chimene amuna anga anapita kukagwira ntchito kumigodi ya ku Joni, anandisiyira munda wa chimanga wochita malire ndi nkhalango ya Chongoni. Kwathu aliyense amadziwa kuti nyani saopa munthu wamkazi. Ukamukuwiza amangokuyang'ana, n'kupitiriza kusenda chimanga ngati analima ndi iye. Akazi ena kale ankamupusitsa povala buluku la amuna awo, koma masiku amenewo mkazi kuoneka ndi buluku unali mlandu, ndipo achinyamata a chipani anali ndi maso paliponse. Popanda galu, chimanga changa chonse chikanathera kuphiri.

Mnzanga wa kutchalitchi anandipatsa kamwana ka galu, kofiirira, kamiyendo italiitali. Ndinabwera nako kunyumba ndikuimba njira yonse. Amalume anga, amene anali mlenje wotchuka m'mudzi mwathu, anakatembenuza ndi phazi.

"Mphwanga, galu wa anyani sakhutitsidwa," anatero. "Azigona ndi njala. Ndiponso umusinjire mavu m'phala. Ukali wa mavu ndi umene umalowa m'mano."

M'mawa mwake ndinatenga chikho n'kulunjika pachisa cha mavu pansi pa denga la nkhokwe. Sindinagwire ngakhale limodzi. Iwo ndiwo anandigwira. Diso linatsekeka, mlomo unatupa ngati wa ng'ombe, ndipo Lamulungu amayi anzanga anandifunsa akuseka ngati ndinakaba uchi. Ndinapsa mtima n'kunena kuti mavuwo akadye okha amalume.

Kuyambira pamenepo ndinamudyetsa mmene mtima wanga unafunira. Ndinkamuphikira phala lolimba la madeya, n'kuthiramo nsinjiro ndi mitu ya usipa, m'mawa ndi madzulo. Kachewere wamng'onomng'ono wosagulika ndinkamuwiritsira. Tsiku la msika ku Mayani ndinkachonderera ogulitsa nyama kuti andipatse fupa lalikulu la ng'ombe, ndipo madzi m'phale lake sankauma. Galu uja anakula ndikuona. Ubweya unayamba kunyezimira, chifuwa chinatambasuka, nthiti zinabisala. Ndinkamunyadira kwambiri moti alendo ndinkayamba kuwaonetsa iye ndisanawapatse mpando.

"Ameneyu akadzaona nyani adzangomupatsa moni," ankatero amalume. Mawuwo ankandilowa, chifukwa mkate wa galuyo wa tsiku ndi tsiku unali tulo.

Chimanga chitafika pa dowe, anyani anatsika. Kunali m'mawa, nkhungu isanachoke m'phiri, ine ndili m'kansasa ka kumunda. Ndinangomva mapesi akuthyoka. Kutsogolo kunali chinyani chachimuna, msinkhu ngati wa mbuzi yaikulu. Ndisanatsegule pakamwa, galu wanga anali atapita kale. Fumbi koboo! Anyani aang'ono anabalalika akulira, akazi akukoka ana awo, ine pambuyo ndikuthamanga, ndikululutira, nsalu itatsala pang'ono kugwa. Chinyani chija chinaima n'kutulutsa mano. Chinagwirana ndi galu wanga, anagubuduzana mpaka m'ngalande, ndipo kenaka ndinachiona chikukwera thanthwe motsimphina, osacheuka. Ndinavina ndekha pakati pa mizere.

Chimwemwe chinatha nditamuona galu wanga. Phewa linali litang'ambika, magazi ali chuchuchu, koma mchira ankagwedezabe. Ndinalira. Ndinamubereka kumsana ndi nsalu yanga n'kudutsa naye pakati pa mudzi, anthu akutuluka m'nyumba kudzaona, ena akuseka mpaka kugwira m'mimba. Sindinawalabadire.

Kunyumba ndinatsuka bala ndi madzi a mchere. Ndiye ndinagwira tambala amene ndinkasungira amuna anga kuti adzadye akadzabwera. Ndinamupha, ndinamuphika, ndinachotsa mafupa onse kuti asamubaye pakhosi, ndipo galu wanga anadya yekha mpaka kunyambita mbale.

Anyani sanabwerenso chaka chimenecho. Amuna anga atafika titakolola, ndinawalandira ndi nyemba. Anayang'ana m'mbale, anayang'ana nkhokwe yodzaza, ndiye anaitana galu uja, amene ankatsimphinabe chifukwa cha bala lija, n'kumubenthulira mbamu yoyamba.